Mpando Wothyoka Si Nkhuni

Kuseri kwa nyumba zambiri m'dziko muno, kaya ndi ku Chitipa kaya ndi ku Nsanje, kuli kamalo kamene eni nyumba safuna kuti mlendo akaone. Kumeneko nkumene kumagona mpando wothyoka mwendo, chitseko chimene adachichotsa poika chachitsulo, bedi la agogo lopanda mbali imodzi ndiponso kabati yoguluka zitseko. Zinthu zimenezi zimakhala pamenepo dzinja ndi chilimwe, mvula ndi dzuwa zikulandizana pa izo, kufikira tsiku limene nkhuni zasowa pakhomo. Tsiku limenelo mwana amatumidwa kuseriko ndi nkhwangwa, ndipo pofika madzulo tebulo limene idadyerapo mibadwo itatu limakhala litaphika nyemba za tsiku limodzi.

Nkhani ino ikunena za kamalo kameneko, ndipo mfundo yake ndi imodzi. Matabwa amene ali m'mipando, m'matebulo ndi m'zitseko zakale ndi chuma chimene masiku ano chikuvuta kupeza pamsika, chifukwa mitengo imene adachekamo matabwawo yachepa kwambiri, ndipo ina idatheratu m'malo amene inkamera. Munthu wootcha mpando wakale amakhala akuotcha mtengo umene udamera agogo ake asanabadwe, ndipo ngakhale atadzala wina lero, wodzachekamo matabwa adzakhala mdzukulu wa mdzukulu wake.

Kupanga chatsopano kuchokera ku chakutha si nzeru yachilendo. Kale mphika ukasweka, chibenthu chake chinkasanduka phale lokazingira chimanga ndi mtedza, kapena lopalira moto kwa mnansi. Mtondo ukabooka pansi ankautembenuza nkukhala mpando wa pabwalo, mwina ankaugoneka kuti nkhuku ziziikiramo mazira. Nsalu yong'ambika inkakhala nkhata yosenzera madzi. Khasu likaperepeseka linkabwerera kwa wosula nkutulukako lili mpeni, kasemasema kapena mivi. Zotsalira za ng'anjo zimene zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu zimafotokoza chifukwa chake: munthu amene adakumba yekha miyala ya chitsulo, naotcha makala, nachezera usiku akupopa mvukuto, sakadataya chitsulo ngakhale chochepa ngati chala. Kutaya kudakula pamene anthu adazolowera kugula zinthu zimene sadaone mmene zidavutira kupanga.

Tsono kuti munthu amvetse mtengo wake wa matabwa akale, ayenera kudziwa mitengo imene amisiri a zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970 ankapala. Woyamba ndi mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amautcha mukwa. Mtengo umenewu ukatemedwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Thabwa lake ndi lofiirira mokongola, silipindikapindika pouma, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Koma mlombwa sufulumira kukula. Ofufuza amene adawerenga mizere ya zaka m'thunthu mwake adapeza kuti umatenga zaka 80 kapena kupitirira kuti ufike pa msinkhu wochekamo matabwa. Ndiye kuti chitseko cha mlombwa chimene chidakhomedwa mu 1965 chidachokera mu mtengo umene udamera atsamunda asanakhazikitse boma lao m'dziko muno mu 1891.

Wachiwiri ndi mbawa, mtengo wautali wokonda m'mphepete mwa mitsinje, umene asodzi ankasemamo mabwato ndipo akalipentala ankapangira makabati ndi mabenchi a m'tchalitchi. Palinso msambamfumu, wolemera ndi wolimba, wotchuka pa zitseko ndi mafelemu. Mitengo itatuyi yadulidwa kwambiri mu Africa monse, kotero kuti mu November 2022, pa msonkhano wa maiko a m'pangano la CITES umene udachitikira ku Panama, mitundu ya mu Africa ya mitengo imeneyi idaikidwa m'gulu la zachilengedwe zimene matabwa ake sangatumizidwe kunja kwa dziko popanda chilolezo chapadera. Maiko sachita kukhalira pansi chifukwa cha mtengo umene uli mbwee m'tchire.

Nkhani yomvetsa chisoni koposa ndi ya mkungudza wa ku Mulanje, umene mwachilengedwe umamera pamwamba pa phiri limenelo pokha pa dziko lonse lapansi. Thabwa lake ndi lopepuka, lonunkhira, ndipo chiswe ndi chinyontho zimalilephera. Pa chifukwa chimenechi nyumba zambiri zakale za ku Mulanje, Zomba ndi Blantyre zidali ndi zitseko, mafelemu ndi mitanda ya mkungudza, ndipo amai ambiri ankasunga zovala m'mabokosi ake. Mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ulemuwo sudauteteze ku macheka a anthu odula mozemba ndi ku moto wolusa. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiripo, ndipo pofika mu 2018 nayonso idali itagwetsedwa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anzao ndi anthu a m'midzi yozungulira adzala mbande zikwizikwi, koma mbande si thabwa. Padzapita zaka zambiri zisanakule. Pakali pano mkungudza wambiri wokhwima uli m'nyumba za anthu, wina uli kuseri kuja ukudikira nkhwangwa.

Nanga cholowa m'malo mwake nchiyani? Matabwa ofala m'misika ndi a paini ndi bulugamu. Nkhalango ya Chikangawa pa Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idadzalidwa kwambiri kuyambira mu 1964 ndi cholinga chodzadyetsa fakitale ya mapepala ku Chintheche, imene sidamangidwe. Kwa zaka zambiri nkhalangoyo idapatsa dziko matabwa otsika mtengo, mpaka moto ndi kudula kopanda muyeso zidaisiya ndi zitsa m'madera ambiri. Paini ndi thabwa labwino pa ntchito yake, koma ndi lofewa, chiswe chimalikonda, ndipo kawirikawiri limagulitsidwa lisanaume, motero tebulo lake limayamba kupindika ndi kutsegula mipata mwezi usanathe. Mipando ina yonyezimira ya m'masitolo ndi ya utuchi womata ndi guluu nkukutidwa ndi kachikopa kokongola pamwamba. Ikangolawa madzi a mvula yodontha kudenga imafufuma nkuyoyoka, ndipo palibe mmisiri angaidzutse. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu. Thabwa lakale lilibe mavuto amenewa, popeza lidauma kalekale ndipo kupindika kulikonse kumene likadapindika lidapindikiratu.

Mmisiri wodziwa ntchito akafika pa kamalo kaja amayamba waika sowo pansi. Amagogoda thabwa ndi chala. Lamoyo limalira ngati ng'oma yomangika bwino, pamene lofumbwa limangoti phuphu. Kenaka amabaya ndi msomali m'malo okayikitsa, makamaka kumapazi kwa miyendo ndi mbali imene idagona pansi. Pamene msomali walowa mosavuta ndi poola, ndipo amalembapo kuti adzadulepo. Akaona timabowo ting'onoting'ono amayala pepala pansi pake usiku umodzi. Pakagwa kaufa katsopano ndiye kuti fufuzi akadali moyo m'katimo. Mankhwala ake osalira ndalama ndi dzuwa la mu October: thabwalo amalikulunga m'pepala lakuda la pulasitiki nkuligoneka padzuwa masiku angapo akulitembenuza, ndipo kutenthako kumapha tizilomboto pamodzi ndi mazira ake. Pomaliza amapala penti pa kamalo kochepa kuti aone mtundu wa mtengo. Ngati ndi mkungudza, mphuno imadziwa maso asanaone, chifukwa fungo lake limadzuka ngakhale patapita zaka 60.

Ikatha ntchito yoyeza imabwera yophwasula, ndipo apa mpamene pamaonekera kusiyana kwa mmisiri ndi munthu wongogwira hamala. Akalipentala akale ankalumikiza matabwa powalowetsana, lina losemedwa dzino, lina lobooledwa, nkukhomapo chikhomo cha mtengo. Polumikiza potere sipafuna kukanula ndi chitsulo. Mmisiri amagulula chikhomo, naika kachidutswa ka thabwa pakati pa hamala ndi mpando, nagogoda pang'onopang'ono mbali zonse mpaka dzinolo litatuluka lathunthu. Pozula misomali amatsamiza mutu wa hamala pa kathabwa kena kuti asatuwitse nkhope ya thabwa labwino. Mdani wamkulu ndi msomali woduka mutu wobisala m'kati, chifukwa umodzi wokha ndi wokwanira kubenthula mpeni wa puleni. Amisiri ochenjera amaufunafuna ndi maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa, akumayendetsa pamwamba pa thabwa mpaka atamva kukoka. Misomali yozulayo amaiongola pamwala nkuisunga m'chitini, ndipo mahinjesi ndi maloko adzimbiri amawaviika m'mafuta nkuwakwecha mpaka atayambanso kuyenda.

Mmisiri wa matabwa atsopano amayamba ndi chithunzi m'mutu nkukagula matabwa olingana nacho. Wa matabwa akale amayala pansi zimene wapeza nkufunsa kuti zingakhale chiyani. Chitseko cha nyumba nthawi zambiri chimatalika pafupifupi mamita 2 ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 80, muyeso umene uli wa tebulo lodyerapo banja la anthu 6 kapena 8. Chimangofuna miyendo yoti chikwere masentimita 75 kuchokera pansi, ndipo miyendoyo imatuluka m'felemu la chitseko chomwecho. Bedi lothyoka lili ndi matabwa awiri aatali a m'mbali amene amakhala pokhalira pa benchi, ndipo thabwa la kumutu limasanduka chotsamira. Benchilo likakwera masentimita 45 munthu wamkulu amakhalapo mapazi ali pansi. Madilowa a kabati yakufa akakhomedwa kukhoma amakhala mashelefu a mabuku kapena a mbale, ndipo m'khola amakhala zisa za nkhuku. Felemu la zenera likaikidwa sefa limakhala chitseko cha kabati yosungira ndiwo, yolowa mphepo koma yosalowa ntchentche. Miyendo yachitsulo ya makina osokera akale ikalandira thabwa pamwamba imakhala tebulo losagwedezeka lolemberapo mwana wa sukulu.

Zidutswa zotsala nazo zili ndi kopita. Mpando umene miyendo yake idaola kumapazi amaudula mofanana nkukhala kampando kakafupi ka kukhitchini. Tizidutswa tating'ono timakhala zikhomo, zogwirira za madilowa, mafelemu a zithunzi ndi mipini ya matchizulo. Zopala za puleni, ngati thabwalo lidalibe penti kapena mankhwala, zimayalidwa m'khola la nkhuku nkudzathera m'munda ngati manyowa. Mabowo a misomali amatsekedwa ndi utuchi wa thabwa lomwelo wosakaniza ndi guluu. Pamene sandipepa wasowa, amisiri ena amasalaza ndi chibenthu cha galasi, ndipo vanishi akapakidwa, mlombwa umene udatuwa ngati phulusa umabwerera ku mtundu wake ngati kuti wachekedwa dzulo.

Komabe pali dongosolo limene mmisiri wanzeru salumpha. Chimene chingakonzeke chiyenera kukonzedwa chisanaganizidwe zochisandutsa china. Mipando yambiri imene imatayidwa ilibe pothyoka paliponse; guluu yekha ndiye adauma polumikiza, ndipo ikaphwasulidwa, kupalidwa guluu wakaleyo, kumatidwanso ndi kumangidwa ndi malegeni usiku umodzi, imakhalanso zaka zina 20. Kucheka tebulo labwino la mbawa kuti litulutse timipando tiwiri ndi kuononga. Choyamba ndi kukonza, chachiwiri ndi kusandutsa, ndipo ku moto kuzipita chokhacho chimene chaoleratu.

Nzeru yomweyi ili ndi amisiri a malata ndi osula, amene phokoso la nyundo zao limamveka m'misika ya Ndirande, Lilongwe, Mzuzu ndi m'malo ochitira malonda m'maboma onse. Mgolo wa malita 200 ukang'ambidwa ndi kuongoledwa umatulutsa mbaula, chiwaya, chitseko cha khola kapena ngolo yokankha. Malata akale a denga amakhala ndowa ndi makheni othirira dimba. Kachitini kopanda kanthu kakalandira kapaipi ndi chingwe ka nsanza kamakhala koloboyi, nyale imene ana ambiri adawerengera mpaka kukhoza mayeso tochi ndi sola zisanafale. Osula amasakasaka masipuling'i a galimoto zakufa, popeza chitsulo chake ncholimba ndipo chimasunga kuthwa, motero nkhwangwa ndi mipeni zabwino zimachokera m'menemo. Ndipo omvera ambiri adzakumbukira kuti belu limene linkawathamangitsa m'mawa popita kusukulu lidali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pa mtengo wa mango.

Tayala lakutha ndilo lili ndi ana ambiri. Kunja kwake kumatuluka nkhwaira zoyendera mtunda wautali ndi zidendene za nsapato. Likadulidwa zingwezingwe limalukidwa pa felemu la mpando kapena la bedi m'malo mwa masipuling'i, ndipo pamenepa mpamene tayala ndi thabwa lakale zimakumana pa mpando umodzi. Chubu chimapereka malegeni omangira katundu panjinga. Waya wa m'mphepete mwa tayala ndiye amalira pa babatoni, gitala wamkulu wa chingwe chimodzi amene oimba monga Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band atchuka naye mpaka maiko a ku Ulaya.

Koma safunsa adadya phula. Pali zakutha zina zimene zimabisa imfa, ndipo aliyense wofuna kugwira ntchito imeneyi ayenera kuzidziwa. Choyamba ndi penti wakale wa mafuta, amene nthawi zambiri ankathiridwa mtovu kuti awale ndi kuuma msanga. Dziko la America lidaletsa penti wotere m'nyumba mu 1978, koma m'maiko ambiri adapitirira kugulitsidwa zaka zambiri pambuyo pake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene uli wosaopsa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo nzeru zimene zatayika motero sizibwerera. Chotero penti wakale asakwechedwe ali wouma ndiponso asaotchedwe ndi moto. Anyowetsedwe ndi madzi, apalidwe panja pamwamba pa chiguduli choti chitole zonyenyeka zake, kutali ndi ana ndi amai oyembekezera, ndipo wopalayo atseke mphuno ndi pakamwa, asambe asanagwire chakudya. Thabwa lotere lisapangidwe mthiko, chipande kapena choseweretsa mwana.

Chachiwiri ndi mitengo yothiridwa mankhwala. Mapolo a magetsi ndi matabwa ogonekapo njanji amanyikidwa m'mafuta akuda onunkha phula, ndipo matabwa ena ooneka mobiriwira adamwetsedwa mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic. Mitengo yotere ndi yabwino pa mpanda kapena pa mlatho, koma si yopangira tebulo lodyerapo, ndipo utsi ndi phulusa lake ndi zoopsa, motero isaikidwe pamoto. Palinso matabwa osanjikapo katundu m'malole ndi m'sitima, amene ambiri amawatcha mapaleti, omwe masiku ano achinyamata akupangira mipando ndi mabedi. Malinga ndi lamulo la maiko lotchedwa ISPM 15, limene lidavomerezedwa mu 2002, mapaleti odutsa malire amadindidwa chizindikiro. Zilembo za HT zimasonyeza kuti thabwalo lidangotenthedwa mpaka madigiri 56 kwa mphindi 30, pamene MB zimasonyeza kuti lidafukizidwa mankhwala a methyl bromide. La HT ndilo loyenera kulowa m'nyumba, ndipo lililonse lokhala ndi madontho a mafuta kapena fungo lachilendo ndi lofunika kulisiya.

Chachitatu ndi migolo ndi zigubu. Chimene mudali mankhwala a mbeu kapena ophera tizilombo sichiyera ndi sopo, chifukwa poizoni amalowerera m'khoma mwake, choncho sichiyenera kusungira madzi, ufa, mafuta ophikira kapena thobwa. Mgolo umene mudali petulo umasunga mpweya woyaka ngakhale uoneke wouma, ndipo anthu afa poyesa kuudula kapena kuuotcherera uli chitsekere. Batire la galimoto lili ndi asidi ndi mtovu, ndipo kulisungunula pakhomo nkuthira poizoni pabwalo losewerera ana. Matayala osiyidwa pamtetete amasunga madzi oswanirana udzudzu, ndipo utsi wake umaononga mapapo. Sofa ndi bedi zogula kwa ena zisalowe m'nyumba zisanaonedwe m'ming'alu monse, chifukwa nsikidzi zimayenda ulendo pa katundu wotere. Siponji yakaleyo ichotsedwe, ndipo polumikiza matabwa pathiridwe madzi owira thabwalo nkuliumitsa bwino.

Chenjezo lina ndi la khalidwe. Chakutha ndi chimene mwini wake wachisiya kapena wachigulitsa. Zitsulo za pa mlatho, zivundikiro za ngalande za m'tauni, mawaya a magetsi ndi zomangira njanji zili pa ntchito, ndipo wozizula kuti akagulitse pa sikelo ndi mbala imene ikutchera anzake msampha. Mmisiri wolandira katundu wotere amadetsa dzina la amisiri onse.

Chopinga chachikulu pa ntchito yonseyi ndi manyazi. Anthu ambiri amaona ngati kukhalira mpando wokonzedwanso nkulengeza umphawi, ndipo munthu wotola zitsulo kudzala amamuyang'ana ngati mutu wake sukuyenda bwino. Zoterezi zidamuonekera William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale chifukwa chosowa fizi, ankabwereka mabuku m'kalaibulale ka kumudzi ndi kutolera zitsulo pamalo otayirapo makina akufa a esiteti ya fodya, anthu akumunena kuti wapenga. Mu 2002, ali ndi zaka 14, adaimika makina amphepo opangidwa ndi mitengo ya bulugamu, chokupizira cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki oongola pamoto ndi njinga yakufa ya bambo ake, ndipo babu lidayaka. Mu 2007 adakafotokoza za ntchito yake pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 mudatuluka buku la mbiri yake, ndipo mu 2019 filimu. Amene ankamuseka adayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni ao.

Chitsanzo china chili kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo chikukhudza mpando weniweni. Anthu a ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza sadaiwale nkhondo ya pachiweniweni ya m'dzikolo, imene idathawitsira m'Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi isanathe mu 1992. Mtendere utabwera, mfuti zambirimbiri zidatsala m'manja mwa anthu ndi m'maenje. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu la m'dzikolo adayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Wopereka mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena zomangira nyumba. Mfutizo zinkadulidwa kuti zisadzalirenso, ndipo zidutswa zina zinkaperekedwa kwa amisiri a luso ku Maputo. Mu 2001 mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, adaotcherera zidutswazo nkupanga mpando wachifumu. Mfuti za mumpandowo zidachokera ku Portugal, Russia, North Korea ndi maiko ena. Palibe ndi imodzi yomwe yopangidwa mu Africa. British Museum ya ku London idagula mpandowo mu 2002, ndipo mu 2010 wailesi ya BBC idauwerengera pa zinthu 100 zofotokoza mbiri ya dziko lapansi. Ngati chitsulo chimene chidapangidwira kupha chingathe kukhala mpando wopatsidwa ulemu wotere, nkovuta kuona chochititsa manyazi pa tebulo lochokera ku chitseko cha agogo.

Ntchito imeneyi siili pa mabanja okha. M'sukulu zambiri ana amakhala pansi pamene m'chipinda china mwaunjikidwa madesiki othyoka mpaka kudenga, ambiri a iwo zitsulo zake zili bwinobwino, chosowa ndi thabwa limodzi ndi mabawuti anai. Mwa madesiki atatu akufa mmisiri amatha kudzutsa awiri. M'matchalitchi ndi m'mizikiti, m'maofesi ndi m'zipatala muli makabati ndi mabenchi a mitengo imene yatchulidwa ija, amene amatulutsidwa panja tsiku lofika katundu watsopano nkuiwalika. Katundu wa boma kapena wa mpingo ali ndi njira yake yomuchotsera m'kaundula, ndipo njirayo iyenera kutsatidwa. Koma komiti ya sukulu kapena akulu a mpingo akhoza kupempha chilolezo, kuitana kalipentala wa m'mudzi momwemo, ndi kumpatsa anyamata ndi atsikana awiri atatu oti aphunzire pambali pake. Ndalama zimene zikadapita kutali zimatsala m'mudzi, ndipo luso limapeza wolilandira.

Eni katundu wakale ayeneranso kudziwa mtengo wa chimene ali nacho. Wobwera pakhomo kudzagula chitseko chakale pa mtengo wa mtolo wa nkhuni nthawi zambiri amadziwa chimene mwini wake sakudziwa. Ndi bwino kuyamba wapala pang'ono, kuona mtundu wa thabwa ndi kufunsa mmisiri wodalirika malonda asanachitike. Ndipo ngati ndalama yolipira mmisiri palibe chaka chino, katunduyo achotsedwe pa dothi, asanjikidwe pa njerwa pansi pa denga pamene mphepo ikupita, chifukwa thabwa louma losakhudza nthaka limatha kudikira zaka zambiri.

Madzulo ano m'makomo ambiri nkhuni zichepanso, ndipo mwana wina atumidwa kuseri ndi nkhwangwa. Asanatukule dzanja, pakhale wamkulu mmodzi womutsatira ndi kampeni, apale pang'ono pa mwendo wa mpandowo, aone mtundu wake, anunkhize. Pakaoneka kufiira kwa mlombwa kapena pakamveka fungo la mkungudza, nkhwangwa ibwerere pamalo pake, ndipo nyemba za tsiku limenelo ziphikidwe ndi zitsononkho.